Belu Losweka la ku Zumbo

Palibe munthu wa ku Mulanje amene sadziwa bwinja. Pamene padali mudzi pamatsala mitengo ya mango, mafuwa odetsedwa ndi utsi ndi mapale a miphika, ndipo wapaulendo poona zimenezi adziwa kuti pano padali anthu. Pa mpata wa pakati pa phiri la Mulanje ndi phiri la Michesi pali bwinja la mtundu wina, la linga la Fort Lister, limene Angerezi adamanga chaka cha 1893 kuti atseke njira ya ogula akapolo. Bwinja limenelo silimvetsa chisoni kwenikweni, pakuti ntchito yake idatha pamodzi ndi malonda oipawo. Koma lilipo bwinja limene liyenera kudetsa nkhawa Mkhristu aliyense, ndilo bwinja la nyumba ya Mulungu. Phunziro lino likamba za bwinja lotere, limene lidapezeka m'mbali mwa Zambezi, mtsinje womwewo umene ulandira madzi a Ruo ndi a Shire. Dzina la malowo ndi Zumbo.

Zimene Livingstone adapeza

Zumbo ali m'chigawo cha Tete m'dziko la Mozambique, kutali kumtunda kwa mzinda wa Tete, pamene mtsinje wa Luangwa uthira mu Zambezi. Pamenepo pakumana maiko atatu: Mozambique, Zambia ndi Zimbabwe. Mu Januwale 1856 David Livingstone, potsika ndi Zambezi pa ulendo wake wa ku Quelimane, adafika pamalopo napeza makoma a miyala atamera thengo. Pakati pa makomawo padali bwinja la tchalitchi, ndipo pafupi pake padali belu losweka. Pa belulo padali chizindikiro cha mtanda ndi zilembo zitatu, I.H.S., zimene zili chidule cha dzina loyera la Yesu m'chinenero cha Agriki. Atabweranso chaka cha 1860, adalemba kuti anthu a pamalopo sadali kudziwa kanthu za chipembedzo cha tchalitchicho, ndi kuti ankaopa kuyandikira bwinjalo.

Chodabwitsa ndi ichi: pamalo omwewo Nsembe ya Misa idaperekedwa zaka zoposa 100. Ansembe a chipani cha Adominikani adali ndi nyumba yawo ku Zumbo kuyambira cha m'ma 1726 kufikira cha m'ma 1836. Kuchokera pa kuchoka kwawo kufikira pa kubwera kwa Livingstone padangopita zaka 20. Mwana amene adabatizidwa ndi wansembe wotsiriza adali asanamere imvi. Nanga chikhulupiriro chidazima bwanji msanga chotere?

Chiyambi cha nyumba za amonke

Kuti yankho limveke bwino, nkofunika kubwerera ku chiyambi cha nyumba zotere. Kuyambira kale mu Eklezia mwakhala amuna ndi akazi amene asiya chuma ndi banja, nakhala pamodzi m'nyumba imodzi pansi pa lamulo limodzi, kuti atumikire Mulungu yekha. Amuna otere atchedwa amonke. Tate wa amonke a ku Ulaya ndi Benedict Woyera, amene cha m'ma 529 adamanga nyumba yake pa phiri la Monte Cassino ku Italy, nalemba lamulo logawa tsiku la mmonke patatu: kupemphera, kugwira ntchito ya manja ndi kuwerenga. M'zaka mazana ambiri zotsatira, nyumba za amonke ndizo zidali sukulu, zipatala ndi nkhokwe za anthu osauka. Amonke ndiwo ankakopa Malembo Oyera ndi dzanja, makina osindikizira mabuku asanapangidwe.

Patapita zaka pafupifupi 700, Dominic Woyera wa ku Spain adaona kuti anthu ambiri alikusokera chifukwa chosowa owaphunzitsa zoona. Tsono adayambitsa chipani cha Alaliki, chimene Papa Honorius III adavomereza chaka cha 1216. Ana ake, Adominikani, ankakhala pamodzi ndi kupemphera pamodzi monga amonke, koma sankadzitsekera m'nyumba: ntchito yawo idali kutuluka kukalalika. Ndiponso Dominic adafuna kuti akhale amphawi, osadalira minda kapena malonda, koma zopereka za anthu amene ankawalalikira. Owerenga asunge mfundo imeneyi, pakuti ibweranso m'nkhaniyi.

Adominikani afika pa Zambezi

Wansembe woyamba wodziwika bwino amene adakwera ndi Zambezi ndi Bambo Gonçalo da Silveira, wa chipani cha Ajezuiti. Adadzera ku Sena ndi ku Tete, nafika ku likulu la mfumu yaikulu Mwenemutapa kumapeto kwa chaka cha 1560. Adabatiza mfumuyo, koma posakhalitsa adanenezedwa kuti ndi kazitape ndi mfiti. Mu Malichi 1561 adamupha pomukola chingwe pakhosi, nataya mtembo wake mu mtsinje wa Musengezi.

Adominikani adabwera pambuyo pake. Adamanga nyumba yawo pa chilumba cha Mozambique chaka cha 1577, nafalikira ku Sofala, ku Sena, ku Tete ndi ku misika ya golide ya dziko la Mwenemutapa. Chaka cha 1693 Changamire, mfumu ya Arozvi, adaononga msika wa Dambarare, napha amalonda pamodzi ndi ansembe awiri a chipanicho. Amalonda otsala, ambiri a iwo ochokera ku Goa m'dziko la India, adayamba kufunafuna malo ena, ndipo cha m'ma 1720 adakhazika msika watsopano ku Zumbo. Kumeneko ankagula golide ndi minyanga ya njovu posinthanitsa ndi nsalu ndi mikanda. Ansembe adatsata amalondawo, ndipo nyumba ya Mulungu idamangidwa pambali pa msika.

Bambo Pedro wa ku Zumbo

Dzina limene lidatchuka koposa ku Zumbo ndi la Bambo Pedro da Santíssima Trindade, amene adafika cha m'ma 1726 nakhala komweko kufikira imfa yake kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1750. Adali munthu wamphamvu ndi wanzeru zambiri. Mbiri yosimbidwa za iye iti pa nthawi ya njala yaikulu adatsegula nkhokwe zake nadyetsa anthu, ndipo anthu omwewo ndiwo adasenza miyala yomangira tchalitchi ndi nyumba ya ansembe. Ankadziwa mankhwala, ndipo mafuta ena ochiritsira adatchedwa dzina lake m'chigwa chonse cha Zambezi zaka zambiri iye atamwalira. Mafumu ankamulemekeza, amalonda ankamumvera.

Koma mbiri yoona siibisa mbali ina. Bambo Pedro yemweyo adalinso mwini akapolo mazanamazana, amene ankamukumbira golide ndi kumuyendera malonda. Sadali yekha pa zimenezi. Boma la Apwitikizi, limene lidalonjeza kusamala ansembe a m'maiko ake, silinkatumiza malipiro awo mokhulupirika. Kotero ansembe ambiri a pa Zambezi, Adominikani ndi Ajezuiti omwe, adalandira minda yaikulu yotchedwa maprazo, nakhala ngati mafumu a anthu okhala m'mindamo. Ana a Dominic, amene adayamba ngati alaliki opempha chakudya, adasanduka eni minda ndi eni golide.

Si ntchito ya phunziro lino kuweruza akufa. Mulungu yekha ndiye adziwa mitima yawo, ndipo ambiri a iwo adafa ndi malungo kutali ndi kwawo ali pa ntchito ya Ambuye. Komabe chipatso cha makhalidwe amenewa chioneka poyera. Munthu wa m'mudzi poyang'ana tchalitchi cha ku Zumbo ankaona nyumba ya amalonda ndi ya akapolo awo. Amene ankabatizidwa kawirikawiri adali a m'mabanja a amalondawo ndi antchito awo. Ubatizo wolandiridwa chifukwa mbuye wanena ndi mbewu yofesedwa pa thanthwe: imera msanga, koma dzuwa likawala ifota.

Kugwa kwa nyumbayo

Mavuto adadza motsatizana. Chaka cha 1759 nduna yaikulu ya ku Portugal, Pombal, idapirikitsa Ajezuiti m'maiko onse a Apwitikizi, ndipo Adominikani adatsala ochepa pa ntchito yaikulu. Golide adayamba kuchepa. Mafumu ozungulira, makamaka a Mburuma, adathira nkhondo msika wa Zumbo kangapo. Cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1820 chilala ndi njala zidasakaza chigwa chonse cha Zambezi. Chaka cha 1834 boma la Portugal lidathetsa zipani zonse za amonke ndi kulanda nyumba zawo, kotero kuti padalibenso kumene ansembe atsopano akadachokera. Mu Novembala 1835, tsiku limene dzuwa lidada masana, Angoni a Zwangendaba adaoloka Zambezi pafupi ndi Zumbo pa ulendo wawo wa kumpoto. Cha m'ma 1836 amalonda adasiya msikawo nathawira kumunsi. Tchalitchi chidatsala chokha, ndipo thengo lidachita ntchito yake.

Munthu angathe kunena kuti nkhondo, njala ndi malamulo a boma ndizo zidapha Chikhristu cha ku Zumbo. Zoonadi zimenezi zidagwetsa makoma. Koma kugwa kwa makoma ndi kwina, kuzima kwa chikhulupiriro ndi kwina, ndipo zitsanzo zitatu zitsimikiza zimenezi.

Nyumba zimene zidagwa ndi kudzukanso

Choyamba ndi Monte Cassino yemwe uja. Nyumba ya Benedict Woyera idaonongedwa kanayi. Cha m'ma 580 adaipasula ankhondo a mtundu wa Alombardi. Chaka cha 883 adaitentha ankhondo Achiarabu. Chaka cha 1349 idagwa ndi chivomezi. Ndipo pa 15 Febuluwale 1944, m'nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndege zidaisandutsa mulu wa miyala. Nthawi zonse zinayi idamangidwanso, ndipo Papa Paul VI adadalitsa tchalitchi chake chatsopano pa 24 Okutobala 1964. Idadzuka chifukwa amonke ake adali ana a dziko lomwelo, ndipo anthu ozungulira phirilo ankaiyesa nyumba yawo.

Chachiwiri nchodabwitsa koposa. Chaka cha 1614 boma la Japan lidaletsa Chikhristu, ndipo m'zaka zotsatira ansembe onse adaphedwa kapena kupirikitsidwa. Kwa zaka zoposa 200 kudalibe Misa, kudalibe tchalitchi ngakhale chimodzi. Koma pa 17 Malichi 1865, Bambo Bernard Petitjean atangomanga tchalitchi ku Nagasaki, kudabwera kagulu ka anthu a m'midzi nkumuululira kuti iwo ndi Akhristu. Pambuyo pake adapezeka enanso zikwi zambiri. M'midzi mwawo adali atasankha akulu awoawo: wina wobatiza ana, wina wosunga masiku a zikondwerero ndi a kusala, ndipo makolo ankaphunzitsa ana mapemphero mobisa. Anthu a ku Japan adasunga chikhulupiriro zaka mazana awiri popanda wansembe. Ku Zumbo sichidathe zaka 20.

Chachitatu chili pafupi. Ansembe atatu a chipani cha Montfort, Bambo Pierre Bourget, Bambo Auguste Prézeau ndi Bambo Anton Winnen, adafika ku Nzama mu Julayi 1901, ndipo chaka cha 1903 mishoni ya Nguludi idatsegulidwa. Mu Januwale 1915, pa nthawi ya nkhondo ya John Chilembwe, nyumba za mishoniyo zidatenthedwa. Koma Nguludi sadasanduke bwinja, pakuti m'zaka 12 zokha ansembe adali atatsegula kale sukulu za m'midzi ndi kuphunzitsa aphunzitsi a dziko lino. Moto udapsereza denga, koma katekisimu adali m'mitu ya anthu.

Chimene chidasowa ku Zumbo

Tsono chioneka chimene chidasowa ku Zumbo. Sikudasowe miyala, sikudasowe golide, sikudasowe ngakhale chifundo cha kwa anjala. Kudasowa eni ake. M'zaka zonse zija sikudakhazikike gulu la aphunzitsi a m'midzi amene akadasonkhanitsa anthu tsiku la Mulungu wansembe atachoka, ndipo sikudaleredwe ansembe a pamalopo.

Si kuti ana a Africa sadali okhoza. M'zaka za m'ma 1600 mnyamata wina wa banja lachifumu la Mwenemutapa adatengedwa kupita ku Goa, nalowa chipani cha Adominikani, natchedwa Miguel da Apresentação. Adadzozedwa unsembe, ndipo chaka cha 1670 adalandira ulemu wa mphunzitsi wamkulu wa za Mulungu. Koma adatumikira ku Goa komweko kufikira imfa yake. Nyali idayatsidwa pa Zambezi nkukaunikira dziko lina.

Akale adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mmishonale aliyense, ngakhale woyera mtima chotani, ndi mlendo: tsiku lina imfa, nkhondo kapena lamulo la boma limuchotsa. Mbiri ya pambuyo pake idaonetsanso zomwezo. Ajezuiti adabwerera ku Zambezi chaka cha 1881, natsegula mishoni ya Boroma pafupi ndi Tete chaka cha 1885, ndi ina ku Miruru kufupi ndi Zumbo, kumene adachita kuswa mphanje ngati kuti khasu silidapitepo. Adatsegulanso mishoni pa phiri la Tumbine ku Milange, tsidya la malire a Mulanje, chaka cha 1890. Koma iyo idasiyidwa chaka cha 1894 chifukwa cha nkhondo za m'masiku a mfumu Matipwiri. Chaka cha 1910 boma latsopano la Portugal lidapirikitsanso Ajezuiti, ndipo ena a ku Miruru adaoloka Luangwa nakayamba ntchito ku Kapoche ndi ku Katondwe, m'dziko limene lero ndi Zambia.

Eklezia adaphunzirapo nzeru. Chaka cha 1919 Papa Benedict XV adalembera amishonale onse kuti cholinga chawo chachikulu chikhale kulera ansembe a m'dziko limene alikugwiramo ntchito, ndi kuti asasakanize ntchito ya Mulungu ndi zofuna za maiko a kwawo kapena ndi phindu la ndalama. M'dziko la Malawi chipatso chidaoneka pamene Bambo Cornelius Chitsulo adadzozedwa unsembe chaka cha 1937, nakhala Episkopi wa Dedza chaka cha 1957, ndi pamene Ambuye James Chiona adasankhidwa kukhala Arkiepiskopi wa Blantyre chaka cha 1967.

Phunziro kwa Akhristu a ku Mulanje

Wina angati zimenezi nzakale, ndipo dziko lino lili ndi ansembe ake ndi Aepiskopi ake. Nzoona. Koma chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe. Parishi imodzi ili ndi matchalitchi ambiri a m'midzi, ndipo ena a iwo aona wansembe patapita masabata angapo. M'masabata amenewo tchalitchi chili m'manja mwa katekisti, mwa akulu a mpingo ndi mwa makolo. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adagumula milatho ndi misewu ya ku Mulanje ndi ku Phalombe, ndipo midzi yambiri idakhala masiku ambiri yosafikirika. Masiku otere ndiwo aonetsa ngati mudzi uli ngati Nagasaki kapena ngati Zumbo.

Kwa akatekisti, phunziro ndi ili: ntchito yawo si yongogwirizira malo poyembekeza bambo mfumu. Katekisti amene aphunzitsa akatekumeni mosathamanga, nawafunsa mpaka amvetse, nakana kupereka ku Ubatizo munthu wosakonzeka, ndiye alikumanga khoma limene nkhondo siingagwetse. Ayeneranso kukonza womulowa m'malo. Katekisti amene asunga buku la mapemphero, mfungulo ya tchalitchi ndi nzeru zonse kwa iye yekha, tsiku la maliro ake mpingo udzaikidwa naye pamodzi. Aphunzitse achinyamata kuwerenga Mawu a Mulungu pamaso pa anthu ndi kutsogolera mapemphero. Aonetsetse kuti azamba ndi amayi achikulire adziwa kubatiza khanda limene lili pafupi kufa.

Kwa makolo, phunziro ndi lakuti m'mera mpoyamba. Mwana amene sadamvepo bambo wake akupemphera sadzakhulupirira kuti pemphero ndi la amuna. Pemphero la madzulo m'nyumba, Kolona wa banja lonse, ndi msonkhano wa limana kapena mphakati ndiwo mizu. Tchalitchi cha njerwa ndi nthambi chabe. Ndipo mwana akanena kuti afuna kupita ku seminale kapena ku usisitere, makolo asamuyese wotayika, pakuti Zumbo adagwa posowa ana otere.

Kwa mpingo wonse, phunziro likhudza chuma. Ansembe a pa Zambezi adalowa m'malonda chifukwa amene adayenera kuwasamala adawataya. Mkhristu amene abisa mtulo wake, nasiya wansembe ndi katekisti kuti adzifunire okha chakudya, alikuwakankhira pa njira yomweyo. Komanso mpingo umene uyembekeza kuti denga lililonse lidzafoleredwa ndi ndalama za kunja, kapena za munthu mmodzi wolemera wofuna ulemu, udziwe kuti nyumba yomangidwa ndi mlendo imachoka ndi mlendo. Mutu umodzi susenza denga. Koma denga limene mudzi wonse udasenza, mudzi wonse udzalitchinjiriza.

Petro Woyera m'kalata yake yoyamba afanizira Akhristu ndi miyala yokhala ndi moyo, imene Mulungu amangira nyumba yake. Miyala ya ku Zumbo idali yolimba, ndipo belu lake lidali ndi dzina la Yesu. Koma dzinalo lidalembedwa pa belu, osati m'mitima ya anthu a pamudzi, ndipo belu litasweka padalibe pakamwa politchula. Akhristu apempherere mizimu ya ansembe amene adagona m'chigwa cha Zambezi, ndi ya akapolo amene adasenza miyala ija. Apemphererenso akatekisti awo, ndi kuwathandiza.

Mafunso oti akatekisti akambirane ndi Akhristu

1. Kodi Livingstone adapeza chiyani ku Zumbo chaka cha 1856, ndipo padapita zaka zingati ansembe atachokako?

2. Dominic Woyera adafuna kuti ana ake azikhala motani pa za chuma? Nanga pa Zambezi zidasintha bwanji, ndipo chifukwa ninji?

3. Nchiyani chidasunga chikhulupiriro cha Akhristu a ku Japan pamene adalibe wansembe?

4. Wansembe atalephera kufika pa tchalitchi chino chaka chathunthu, ndani angatsogolere mapemphero, ndani angaphunzitse ana, ndipo ndani angabatize wodwala kwakayakaya? Mayina awo atchulidwe, ndipo ngati palibe, asankhidwe mwezi uno.